Anagonja, anadzuka, anakhala zaka osagonjanso: dolo ndani pamenepa?

Mlonda_wa_Nzimbe:
Anthu a gulu lino ndithandizeni, mkangano wa dzulo wandisowetsa tulo. Tinali pa bawo pa Nchalo, pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa msika, ndiye panabwera mnyamata wina atavala malaya a chithunzi cha Mayweather, akuti pa nkhonya munthu ameneyo ndiye mapeto chifukwa cha 50-0, kupambana ka 50 osagonjapo. Ine ndinamuuza kuti ziro savuta kusunga ukamasankha adani ngati mmene mayi amasankhira tomato pamsika. Funso langa ndi lina. Munthu wagonja, anthu amuseka, iye n'kubwerera mu ring'i, n'kukhala zaka osagonjanso mpaka tsiku limene wina adzamupezenso. Pakati pa kugonja kuwiriko, ndani anayenda mtunda wautali komanso wa minga? A 50-0 ndi a 49-0 lero apume kaye, sitikuwafuna pano.

Kabaza_wa_Bangula:
Wladimir Klitschko. Tsekani nkhani.

Mlonda_wa_Nzimbe:
Fotokozani achimwene, pano si pa siteji pongoti kwerani tizipita.

Kabaza_wa_Bangula:
Chabwino. April 2004 Lamon Brewster anamuthidzimula mu raundi 5, munthu anachita kutha mpweya ngati wakwera mtunda wa ku Thabwa pa njinga yopanda magiya. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu 2003, Corrie Sanders wa ku Joni anali atamugwetsanso m'maraundi awiri okha. Aliyense ankati chibwano chake n'cha dothi, wathera pomwepo. Koma kuchokera pa Brewster paja sanagonjenso mpaka November 2015 pamene Tyson Fury anamulanda malamba ku Düsseldorf. Nkhonya 22 zonse kupambana, zaka zoposa 11, ndipo ku heavyweight, sikelo ya anthu olemera kwambiri, kumene chibakera chimodzi chimakugoneka.

Aphunzitsi_Opuma_Ngabu:
Ana anga, Klitschko ndi wa dzulodzuloli, n'chifukwa chake ali pafupi ndi pakamwa panu. Ngati tikuwerenga nkhonya zimene munthu anamenya, yambirani pa Sugar Ray Robinson.

Iyeyu anayamba ndi kupambana ka 40 motsatizana. Pa 5 February 1943 ku Detroit anakumana ndi Jake LaMotta, munthu womuposa kulemera ndi makilogalamu pafupifupi 7. LaMotta anamutulutsira kunja kwa zingwe mu raundi 8 n'kupambana pa mapointi. Tsono tamvani mtima wa anthu akale: patangotha masabata atatu, pa 26 February, anakumananso mumzinda womwewo, Robinson n'kubweza. Masiku ano munthu akagonja amasowa chaka chathunthu, akuti akusinkhasinkha.

Kuchokera pamenepo anamenya nkhonya 91 osagonja, mpaka pa 10 July 1951 pamene Randy Turpin anamuposa pa maraundi 15 ku London. M'kati mwa 91 imeneyo muli ziwiri zimene anafanana mphamvu ndi mnzake, ndi imodzi ya ku Berlin imene sinawerengedwe kwa aliyense. Muli lamba wa welterweight amene anatenga mu December 1946 pomenya Tommy Bell, muli Kid Gavilan kawiri, muli LaMotta yemweyo mobwerezabwereza mpaka anamulanda lamba wa middleweight pa 14 February 1951. Awiriwa anakumana ka 6, Robinson anapambana ka 5.

Ndipo kwa Turpin kuja anadzigonjetsa yekha theka. Anayendayenda ku Ulaya ndi galimoto yake ya Cadillac ya pinki, ndi gulu la anthu mpaka wometa tsitsi, akumenya nkhonya 6 kuyambira May mpaka pa 1 July, ku Paris, Zurich, Antwerp ndi kwina. Pofika ku London anali ngati ng'ombe yokoka ngolo imene yachokera ku Miseu Folo masana. Patapita masiku 64 anakamulandanso Turpin lamba uja ku New York mu raundi 10, diso litang'ambika kale.

Nachisale_wa_ku_Fatima:
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma ndifunse. Pa anthu 91 amenewo, angati anali akatswiri enieni ndipo angati ankangobwera kudzatenga ya ufa? Chifukwa nanenso nditamati ndizipikisana kuthamanga ndi ana a sitandade 2 sabata iliyonse, nditha kufika 91.

Chidakwa_Chosiya:
Kkkkk achemwali mwaponya ya pachiwindi.

Aphunzitsi_Opuma_Ngabu:
Funso labwino mwana wanga, sindikwiya nalo. Zoona, ambiri anali anthu wamba. Nthawi imeneyo kunalibe ndalama za pa kanema ngati lero, munthu ankadya akamenya, ndiye ankamenya kawiri kapena katatu pamwezi. Ndivomerenso kuti sanakumanepo ndi Charley Burley, amene anthu odziwa nkhonya ankamuopa kwambiri. Koma taganizani izi. Ngakhale munthu wamba ali ndi manja awiri. Ukalowa mu ring'i ka 91, pali tsiku limene uli ndi chimfine, pali tsiku limene dzanja latupa, pali tsiku limene majaji ndi a kwawo kwa mnzakoyo. Ndinayimbirapo mpira wa masukulu zaka zambiri, ndikudziwa mmene anthu a pakhomo amakuyang'anira. Kudutsa zonsezo osapunthwa si nkhani ya ana a sitandade 2.

Ndipo Robinson sali yekha. Willie Pep anayamba ndi 62-0, anagonja kwa Sammy Angott mu March 1943, mwezi umodzi chigonjereni Robinson, kenako anamenya 73 osagonja mpaka Sandy Saddler anamugwetsa mu October 1948. M'kati mwa zimenezo, mu January 1947, anachita ngozi ya ndege imene ena anafa, iye anathyoka mwendo ndi mafupa a msana. Pofika June chaka chomwecho anali atabwerera mu ring'i.

Kabaza_wa_Bangula:
Ngozi ya ndege n'kudzuka? Ine ndinagwa pa njinga pa Sorgin ndinagona milungu itatu.

Dolo_wa_pa_Dyeratu:
Ine manambala akuluakuluwa sandigwira mtima. Mundipatse Marvin Hagler. Mu 1976 anapita ku Philadelphia, kwawo kwa eni ake, anagonja kawiri pa mapointi: kwa Bobby Watts mu January, kwa Willie Monroe mu March. Chimene ndimamukondera ndi chakuti anabwerera kwa onse awiri. Monroe anamukomola kawiri, Watts anamumaliza mu raundi 2. Ngongole anabweza yonse ndi chiwongoladzanja. Kenako zaka 11 palibe anamugonjetsa. Mu 1979 anamukaniza lamba ponena kuti wafanana mphamvu ndi Vito Antuofermo. Mu 1980 anapita ku London kukang'amba nkhope ya Alan Minter m'maraundi atatu, anthu a kumeneko n'kuyamba kugenda mabotolo moti apolisi anachita kumutchinga potuluka, lamba osamuveka n'komwe mu ring'i. Anauteteza ka 12. Roberto Durán ali momwemo, Thomas Hearns wa 1985 ali momwemo, John Mugabi wa ku Uganda, amene anali asanasiyepo mdani ali chiimire, anagona mu raundi 11 mu 1986. Tchulani munthu amene Hagler anamuzemba pa sikelo yake.

Ndipo kwa ine mtunda wake sunathe n'komwe. Pa 6 April 1987 Sugar Ray Leonard sanapambane nkhonya ija. Ankathawa mphindi ziwiri ndi theka, n'kumaponya tizibakera tambirimbiri kumapeto kwa raundi kuti majaji akumbukire zimenezo.

Mwana_wa_Mbewe:
Yayamba nyimbo ya anthu a Hagler. Zaka zonsezi mukulirabe? Leonard anali atamenya kamodzi kokha m'zaka 5, anakwera sikelo, anamuvinitsa dazi uja maraundi 12. Hagler anataya yekha maraundi oyambirira poimira kumanja pamene iye ndi wamanzere.

Dolo_wa_pa_Dyeratu:
Nanga 118-110 ija mukuivomereza inuyo? Jaji mmodzi anapatsa Hagler maraundi awiri okha. Awiri! Anzake awiri analemba 115-113, wina uku wina uku. Munthu ameneyo ankaonera nkhonya ina.

Mwana_wa_Mbewe:
118-110 inali yopenga, pamenepo tagwirizana. Koma kupenga kwa jaji mmodzi sikupangitsa Hagler kukhala wopambana.

Madala_a_ku_Chiromo:
Mukamawerenga zaka, palibe mwa amene mwatchulawa akumupeza Joe Louis. Max Schmeling wa ku Germany anamugwetsa mu raundi 12 mu June 1936, ataona kuti mnyamatayo amatsitsa dzanja lamanzere akangoponya. Kugonja kwina kunabwera mu September 1950 kwa Ezzard Charles. Zaka 14. Lamba anautenga kwa James Braddock mu 1937, anauteteza ka 25, nambala imene ku heavyweight palibe waifika mpaka lero. Schmeling uja anamubwezera mu 1938 m'masekondi 124, dziko lonse likumvera pa wayilesi, nkhondo ya Hitler ili pakhomo. Bambo anga ankasimba dzina limeneli, analimva kwa anzawo obwera ku migodi ya ku Joni, ndipo munthu wamphamvu m'mudzi ankangomutcha Jo Luwisi.

Nachisale_wa_ku_Fatima:
Agogo, zaka 14 zimenezo muchotsepo za usilikali. Kuyambira March 1942 mpaka June 1946 sanateteze lamba. Muchotsenso pamene anapuma mu 1949, anangobwerera chifukwa cha ngongole ya msonkho. Komanso mu December 1947 Jersey Joe Walcott anamugwetsa kawiri, anthu ambiri anaona kuti Walcott wapambana, majaji awiri n'kupatsa Louis.

Madala_a_ku_Chiromo:
Mwana iwe umawerenga, ndakuona. Chotsa zimenezo, zotsalazo zikadali zambiri kuposa za anzakewa. Ndipo Louis anamugoneka Walcott mu raundi 11 atakumananso.

Chidakwa_Chosiya:
Inu mukuti Klitschko, ine nkhonya ya Fury ija ndinaionera ndipo ndimadandaulabe tulo tanga. Unali usiku wa Loweruka, November, kutentha kwa kuno mukukudziwa, mphepo osagwedeza ndi tsamba lomwe. Tinadzazana m'kabala kena pa Nchalo, magetsi atazima kuyambira madzulo, mwini wake n'kuliza jenereta, aliyense kusonkha ya petulo. Malaya tonse tinavula, udzudzu ukutidya m'miyendo. Pakati pausiku nkhonya yayamba. Raundi 1 palibe chachitika. Raundi 4 palibe. Fury akuika manja kumbuyo, akugwedeza mutu, Klitschko dzanja lamanja walisunga ngati ndalama ya fizi. Mdala wina amene anali pafupi nane anagona mu raundi 6, anadzidzimuka mu raundi 11 n'kufunsa kuti ayamba? Zaka 11 zosagonja kuthera pa kuyang'anizana. Pobwerera kunyumba galu wa aneba anandithamangitsa, ndiye nkhondo yeniyeni imene ndinaona usiku umenewo.

Kabaza_wa_Bangula:
Munthu anali ndi zaka 39, mumafuna atani? Ndipo mphunzitsi wake Emanuel Steward, amene anamukonza pambuyo pa Brewster, anali atamwalira mu 2012.

Dolo_wa_pa_Dyeratu:
Anamukonza kuti azijabu n'kukumbatira. Jabu, kukumbatira, jabu, kukumbatira. Onerani ya Povetkin ya 2013 muone ngati simuzimitsa foni.

Nsomba_za_Dabanyi:
Poti mwatchula za magetsi, kodi kwanuko ayaka? Kuno kuyambira dzana. Nsomba zanga zonse mufiriji ndachita kuziwamba.

Mwana_wa_Mbewe:
Kuno anayaka m'mawa, azimanso 10 koloko. Foni ndikutchajira pa sola ya kutchalitchi.

Mayi_a_Thoko:
Pepani ndilowereko ngakhale si za manambala. Mwana wanga wa zaka 15 wapenga nazo nkhonyazi. Anatenga thumba la feteleza, wadzazamo mchenga wa ku Mwanza, wamangirira pa mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba. M'manja amakulunga nsanza za chitenje changa chakale. Mbandakucha uliwonse timadzuka ndi phokoso la phu phu phu, masawu akuyoyoka. Zala zake zatupa, cholembera akugwira movutika. Bambo ake akuti msiye, ine mtima suli m'malo. Kuno kulibe womuphunzitsa, amangoonera mavidiyo pa foni. Ndimuletse kapena nditani?

Aphunzitsi_Opuma_Ngabu:
Mayi, choyamba mchengawo auchotse. Mchenga ukakhazikika pansi pa thumba umauma ngati mwala, umaononga mafupa a m'manja, ndipo mwana wa zaka 15 mafupa ake akadakula. Adzazemo nsanza kapena utuchi, ndipo asamenye opanda magolovesi. Chachiwiri, asamamenyane ndi anzake kumutu popanda wamkulu wodziwa. Masewerawa ali ndi mbali imene timaibisa tikamatchula manambala okomawa. M'kati mwa 91 ya Robinson ija muli Jimmy Doyle, mnyamata wa zaka 22 amene anamwalira atamenyana naye mu June 1947 ku Cleveland. Brian Mitchell wa ku Joni anagonja kamodzi kokha moyo wake wonse, kwa Jacob Morake mu 1982, koma atakumana kachinayi mu 1985 Morake anamwalira. Mwanayo azithamanga, azilumpha chingwe, sukulu asasiye. Akapitirira nacho chidwi, mukamufunire kalabu ku Blantyre kumene kuli aphunzitsi ake.

Mayi_a_Thoko:
Zikomo aphunzitsi. Mchengawo ndikautaya ndekha lero, akabwera kusukulu apeza zatheka.

Nsomba_za_Dabanyi:
Mayi musatayiretu, tipatseni tiundire khonde, madzi a Freddy anatikokolera lonse.

Adimini_Chigwa:
Za magetsi ndi za mchenga zili ndi malo ake. Tibwerere ku funso la a Mlonda.

Mphwanga_wa_Marka:
Bwanji tonse tikuthamangira ku America ngati ku Africa kuno kulibe manja? Azumah Nelson wa ku Ghana. Mu July 1982 anamuitana mochedwa kuti akalowe m'malo mwa wina, ali ndi nkhonya 13 zokha, kukakumana ndi Salvador Sánchez ku Madison Square Garden. Palibe ankamudziwa. Analimba mpaka raundi 15 m'pamene anamuimitsa. Sánchez anamwalira pa ngozi ya galimoto mwezi wotsatira ali ndi zaka 23, ndiye kubweza kunalibe. Azumah anakhala osagonjanso mpaka May 1990, ndipo apo n'kuti atakwera sikelo kukafuna lamba wa Pernell Whitaker. M'katimo anagwetsa Wilfredo Gómez ku Puerto Rico, kwawo kwenikweni, mu 1984. Zaka pafupifupi 8, malamba a masikelo awiri, nkhonya zambiri akumenyera kwa eni ake.

Ndipo wathu Isaac Chilemba musamuiwale. Anagonja kamodzi mu 2007 akuyamba kumene ku Joni, sanagonjenso mpaka May 2013 kwa Tony Bellew. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake anali atafanana naye mphamvu Bellew yemweyo ku Liverpool, pakhomo pake. Ukafanana mphamvu ndi munthu kwawo, ife timadziwa tanthauzo lake.

Dolo_wa_pa_Dyeratu:
Chilemba ndimamulemekeza, anatha maraundi 12 ndi Kovalev ku Russia mu 2016, anathanso 12 ndi Bivol mu 2018. Koma pa mndandanda uwu tisamukweze chifukwa choti ndi wakwathu. Azumah yekha ndiye ndamulandira, akhale pambali pa Hagler.

Mwana_wa_Mbewe:
Nanga Carlos Monzón wa ku Argentina? Anagonja komaliza mu 1964, mpaka anapuma mu 1977 osagonjanso, lamba anauteteza ka 14.

Nachisale_wa_ku_Fatima:
Funso likuti pakati pa kugonja kuwiri. Iyeyo kwachiwiriko kulibe, ndiye sakulowa. Komanso munthu amene anapha mkazi wake mu 1988 n'kumangidwa, ine sindimuombera m'manja pa chilichonse.

Mwana_wa_Mbewe:
Za kuphazo n'zoona, sindikumuikira kumbuyo. Koma lamulo lanuli likulanga munthu chifukwa chodziwa nthawi yosiyira. Hagler akanapuma atamenya Mugabi bwenzi mukuti nayenso sakulowa?

Mlonda_wa_Nzimbe:
Eya, sakanalowa. Funso ndi langa, malire ndaika ndine. Ndikufuna mtunda wokhala ndi zipilala ziwiri, poyambira ndi pothera, chifukwa pothera pamatiuza zambiri. Louis anathera pa ukalamba ndi ngongole. Robinson anathera pa kutopa ndi chibwana, n'kubweza m'miyezi iwiri. Hagler anathera pa mapepala a majaji, anakwiya, sanavalenso magolovesi, anasamukira ku Italy. Sizofanana zimenezi.

Kabaza_wa_Bangula:
Ngati ndi mapepala a majaji, muikeponso Pacquiao. Anagonja kwa Erik Morales mu March 2005, kenako 15 motsatizana: Morales yemweyo kawiri, Barrera, Márquez, De La Hoya, Hatton, Cotto, Margarito, akukwera masikelo ngati makwerero. Pothera pake ndi June 2012 kwa Timothy Bradley. Ija ndinaionera Lamlungu m'mawa mu vidiyo sho pa Bangula, ena atavala kale za kutchalitchi. Titamva kuti majaji awiri apatsa Bradley 115-113, mwini sho anachita kuzimitsa kanema kuopa kuti timuswera. Mlamu wanga anabetcha nkhuku ziwiri, mpaka lero amakana kupereka, akuti iye anabetcha za nkhonya osati za majaji.

Chidakwa_Chosiya:
Mlamu wanuyo ndi loya, akungotaya nthawi kumudzi.

Aphunzitsi_Opuma_Ngabu:
Pa kulemera kwa maina, 15 ya Pacquiao ndi yovuta kuitsutsa, ndikuvomera. Ngati mukufuna wautali wa masiku ano, Bernard Hopkins anagonja kwa Roy Jones mu 1993 ndipo sanagonjenso mpaka kwa Jermain Taylor mu July 2005, atateteza lamba wa middleweight ka 20, ali ndi zaka 40. Koma ine pa Robinson sindisuntha. Pacquiao ankamenya kawiri kapena katatu pachaka, ali ndi miyezi yokonzekera munthu mmodzi. Robinson nthawi zina mdani ankamuonera mu ring'i momwemo.

Dolo_wa_pa_Dyeratu:
Ndiye aphunzitsi mukuwerenga maulendo, ine ndikuwerenga katundu amene anasenza paulendopo. Sitigwirizana lero.

Ziro_Sagonja:
Moni akuluakulu. Ndine wa malaya a Mayweather uja, mnzanga wandionetsa kuti mukundinena kuno. Ndawerenga zonse. Ndingofunsa chimodzi. Canelo anakhala osagonja kuyambira September 2013 mpaka May 2022 pamene Bivol anamuposa, zaka pafupifupi 9, Cotto ndi Golovkin ndi Kovalev ali m'katimo. Chipilala chake choyambira anachizika ndani? Ndipo Pacquiao wanuyo mu 2015 anakumana ndi ndani?

Chidakwa_Chosiya:
Kkkkk mwana walowera pawindo.

Nachisale_wa_ku_Fatima:
Canelo anali ndi zaka 23, ndipo Mayweather wanuyo anamuuza kuti atsike afike mapaundi 152. Pacquiao naye, Mayweather anamudikirira zaka 5 kuti ayambe wagwetsedwa ndi Márquez. Ndi tomato uja ankanena a Mlonda.

Ziro_Sagonja:
Tomato wake anali ndi lamba m'chiuno, achemwali.

Mlonda_wa_Nzimbe:
Iwe mphwanga, unathawa bawo dzulo ndili pafupi kukudya nyumba. Loweruka 3 koloko pansi pa nimu pomwe paja, ubwere ndi malaya akowo. Aphunzitsi, ngati mudzakhale mukudutsa pa Nchalo tsikani, mudzamuuze nokha za masabata atatu a ku Detroit aja, ine akumanditsutsa kuti ndikupeka.

Aphunzitsi_Opuma_Ngabu:
Loweruka ndili ku msika wa ng'ombe m'mawa. Ndikagulitsa msanga ndikwera minibasi ya masana. Mundisungire mpando wa pamthunzi.